Momwe Wophunzira Saikoloje Angapindulire ndi Tchuthi Kumudzi ku Dedza

Saikoloje ndi phunziro la kaganizidwe ndi khalidwe la munthu. Mabuku amati linayamba kuima palokha mu 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula chipinda chofufuzira mumzinda wa Leipzig ku Germany. Kuno kwathu limaphunzitsidwa ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, komwe anthu amakutchabe Chanco ngakhale kuti dzina la Chancellor College linachoka pazikalata mu 2021. Kumudzi phunziroli lili ndi matanthauzo ena awiri. Loyamba ndi "zamisala", poti ku Zomba komweko n'komwe kuli chipatala chachikulu cha odwala matenda a maganizo. Lachiwiri ndi "zodziwa zomwe munthu akuganiza". Wophunzira wa kumapiri a ku Dedza, kaya ndi wa kwa Kaphuka, kwa Kasumbu, kwa Kachere kapena ku Bembeke, amalonjeredwa ndi matanthauzo awiriwa asanatule n'chikwama chomwe.

Kuopsa kwa tchuthi chachitali kunafotokozedwa kale ndi Hermann Ebbinghaus mu 1885. Mkuluyu ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumadziyesa kuti tatsala tingati m'mutu, ndipo anapeza kuti zambiri zimatayika m'maola ndi m'masiku oyambirira, zotsalazo n'kumatha pang'onopang'ono. Popeza zomwe wophunzira amaloweza usiku woti mawa ndi mayeso sizisiyana kwenikweni ndi timawu ta Ebbinghaus, minibasi ikamadutsa pa Balaka zambiri zimakhala zitauluka, ndipo pofika pa Lizulu mumangotsala dzina la Freud ndi nkhani ya galu wina wake. Mankhwala ake ndi kubwereza, ndipo kubwereza kumafuna kuti zolemba zikhalepo.

Apa m'pofunika kusamala. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo tchuthi chikagwa mu June kapena July, pepala lililonse pakhomo limakhala ndi ntchito zitatu: kukolezera mbaula, kukulungira zitumbuwa ndi kupichirira chingambwe. Magawo 8 a moyo wa munthu amene Erik Erikson anawalongosola, kuyambira ukhanda mpaka ukalamba, satha sabata akagwa m'manja mwa atsibweni. Kubisa zolemba kudenga n'kupatsa makoswe. Malo okhawo odalirika ndi pansi pa mphasa ya mwini wake, kumene zimathandizanso kutchinga chisanu chochokera pansi.

Ulendo wopita kumudziwo ndiwo kalasi yoyamba. Solomon Asch anaonetsa mu 1951 kuti munthu akhoza kukana zomwe maso ake akuona, n'kunena kuti kamzere kakafupi n'kofanana ndi kakatali, malinga onse amene wakhala nawo anena chomwecho. Asch anachita kupangana ndi anthu oti azinamizira. Padepoti anthu oterewa alipo kale: minibasi imaoneka ngati yatsala pang'ono kudzaza, anthu atakhala phee, ena atafungatira ndi kajumbo komwe, koma wophunzira akangolipira amatsika mmodzimmodzi kukakhala mu ina. Pakafukufuku wa Stanley Milgram ku Yale, anthu 26 mwa 40 anamvera mpaka kumapeto lamulo loti apweteke mnzawo ndi magetsi, koma panafunika munthu wovala chijasi cha mulabotale. Kondakitala safuna chijasi. Ndalama zopinda pakati pa zala n'zokwanira, ndipo akati "Tasunthani pang'ono akulu, malo alipo," anthu anayi amasuntha pampando wa atatu akuona ndi maso awo kuti malo palibe. Wophunzira alembe zonsezi, ngati dzanja lapeza potulukira.

Akafika, funso loyamba limakhala lakuti, "Ndiye tandiuza iwe wazamisala, panopa ndikuganiza chiyani?" Kufotokoza kuti saikoloje si kuombeza n'kutaya malovu. Yankho loyenera ndi lakuti, "Mukuganiza ngati ndabwera ndi shuga," ndipo siliphonya kawirikawiri. Ofuna kupitirira pamenepa akumbukire Bertram Forer, amene mu 1948 anapatsa ophunzira ake onse pepala lofanana lofotokoza khalidwe, aliyense n'kuvomera kuti likunena za iye yekha. Mawu oti "Inu muli ndi mtima wabwino, koma anthu sakuyamikani" amagwira kwa apongozi, kwa amfumu ngakhale kwa wakuba nkhuku. Koma luso limeneli lisapitirire masiku awiri. Tsiku lachitatu pakhomo pamakhala mzere wa ofuna kudziwa yemwe anaba mbuzi ndi yemwe akuwatamba usiku, ndipo lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Digiri yosamaliza siiteteza munthu kupolisi.

Ivan Pavlov, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1904 chifukwa chofufuza kagayidwe ka chakudya m'mimba, anatchuka ndi agalu amene ankachucha dovu akangomva chizindikiro choti chakudya chayandikira. Kafukufukuyu safunika kumubwereza, poti galu aliyense wa pamudzi anamaliza kale kosi imeneyi: akamva mphika wa nsima ukupalidwa amadzambatuka paphulusa ngakhale anali mtulo. Nkhuku nazo zimasiyanitsa lichero lopeta mphale ndi lichero longokuntha fumbi. Chofunika kufufuza ndi lamulo la B. F. Skinner, amene anapeza kuti nkhunda yolandira chakudya mwa apo ndi apo, yosadziwa kuti chigwa liti, imajompha kabatani mosatopa kuposa yolandira nthawi zonse. Nyama yabwino kuyeserapo lamuloli ndi wophunzira mwini wake. Achimwene ake a ku Joni amatumiza ndalama pafoni mosadziwika tsiku, mwina kawiri pasabata, mwina mwezi wathunthu zii. Zotsatira zake n'zakuti m'bandakucha uliwonse, chisanu chikuluma makutu, wophunzira amaoneka ali chilili pachulu cha kuseri kwa khola pomwe netiweki imagwira, mkono uli m'mwamba. Foni ikalira, dovu. Nthawi zambiri umakhala uthenga wotsatsa malonda.

Mndandanda wa zosowa za munthu umene Abraham Maslow analemba mu 1943 umayamba ndi chakudya, madzi ndi tulo. Ku Dedza pansi pa zonsezi payikidwe bulangete, ndipo kwa wophunzira, pansi pa bulangetelo payikidwe bandulo ya intaneti.

Sigmund Freud wa ku Vienna ankaphunzitsa kuti mwana wamwamuna amalimbirana mayi ake ndi bambo ake, n'kumasunga kachidani ndi bambowo. Chiphunzitsochi chisatchulidwe pansima, ngakhale mongoyerekeza. Komanso chikafika pamudzi wa chikamwini chimasochera njira. Bambo pano ndi wobwera, mawu ake amalekezera pakhonde la nyumba yake. Mwini mbumba ndi atsibweni, ndipo ndiwo amagamula za munda, za ukwati ndi za mbuzi zogulitsa kuti papezeke fizi. Bronislaw Malinowski anatsutsa Freud mu 1927 ndi mfundo yomweyi, ataona pazilumba za Trobriand, kumene mtundu umatsatanso kuchikazi, kuti mkwiyo wa mnyamata umalunjika kwa mlongo wa mayi ake osati kwa bambo. Wophunzira atha kutsimikiza izi osakwera ndege. Adikire tsiku limene mbuzi ya fizi idzagulitsidwe, ndalama zake n'kuthera pamalo ena kumsika, kenaka adzifunse kuti mumtima akumva chiyani, ndiponso akumvera ndani.

Agogo aakazi akamulandira ndi mawu oti, "Amuna anga mwabwera? Chitenje changa chili kuti, kapena mwapeza wina ku Zombako?" asatulutse cholembera. Imeneyo ndi nthabwala ya agogo ndi mdzukulu, inalipo Freud asanabadwe, ndipo yankho lake ndi chitenje. Pa nkhani ya maloto asapikisanenso ndi azakhali. Freud analemba buku lathunthu, pamene iwo amamaliza ali pamoto wa m'mawa: nsomba ndi ndalama, nyama ndi maliro.

Aphunzitsi amalimbikitsa kuti patchuthi munthu ayeserere kafukufuku wa mafunso, ndipo apa m'pomwe pagona phindu lalikulu pamodzi ndi milandu yambiri. Choyamba ndi kukaonekera kwa amfumu, ndipo kwa amfumu sapita chimanjamanja. Chachiwiri ndi kudziwa kuti pamudzi munthu woyenda ndi pepala n'kumalemba maina ali ndi tanthauzo limodzi lokha: kukubwera thandizo, kaya ndi feteleza wotsika mtengo, kaya Mtukula Pakhomo, kaya chimanga. Wophunzira akhoza kufotokoza kasanu kuti n'za kusukulu chabe. Anthu adzavomera mwaulemu, "Tamva, achimwene, n'za sukulu ndithu," kwinaku akutuma mwana kukaitana anzawo a kutsidya. Mlimi amene dzulo lomweli wagulitsa ngolo ziwiri za mbatata ya kachewere adzayankha kuti sanaike kanthu kukamwa chiyambire Lachiwiri. Anthu awiri atatu amene anatisiya chaka chatha adzalembetsedwa ndi abale awo. Yemwe wasiyidwa adzalawirira kwa nyakwawa kukadandaula kuti mwana wa a Nabanda akulemba mokondera akuchikazi kwake.

Muyeso wa mayankho asanu umene Rensis Likert anayambitsa mu 1932, woyambira pa "ndikugwirizana nazo kwambiri" mpaka "sindikugwirizana nazo m'pang'ono pomwe", suyenda bwino m'mapiri muno. Mayi wachikulire akawerengeredwa chiganizo choti "Masiku ambiri mtima wanga umakhala pansi" n'kufunsidwa ngati akugwirizana nacho, amakonza kaye chitenje pamaondo n'kunena kuti, "Ayi, ife tili bwino, kaya inu anzathu a ku Zomba." Akafunsidwanso amati, "Choncho." Kachitatu amati, "Mmene mukuoneramu." Wophunzira wanzeru afafanize mayankho a Likert, aikepo atatuwa, ndi kuonjezera lachinayi lomwe limabwera pamapeto: "Ingolembani zomwe mukuona kuti zithandiza." Asadandaule nazo. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake awiri anaonetsa kuti anthu ambiri amene saikoloje inayeserapo mfundo zake ndi a m'maiko olemera a azungu, ndipo ochuluka mwa iwo ndi ophunzira a payunivesite. Buku likalephera kufotokoza mayi wa ku Mayani, wolakwa si mayiyo.

Njira ina yofufuzira ndi kungokhala poteropo n'kumaonerera mwakachetechete, pamjigo, pachigayo kapena pabawo. Mabuku amachenjeza kuti anthu amasintha khalidwe akadziwa kuti akuonedwa. Chimene satchula n'chakuti pamudzi woonerera ndiye amaoneredwa. Pomwe wophunzira akulemba mzere umodzi wokhudza amayi a pamjigo, iwo amakhala atamaliza chaputala: waonda m'khosi, akudzuka dzuwa litakwera, akuseka ndi foni payekha, moni akupereka ndi dzanja limodzi lina lili m'thumba, ndipo dzulo anamveka kuseri kwa nkhokwe akutchula maina a azungu popanda womuyankha. Kafukufuku wawo safuna chilolezo cha komiti, zotsatira zimafika kwa mayi ake nsima ya madzulo isanapse, ndipo chigamulo chimakhala chimodzi: zamisala zija zayamba kumulowa. Pa ofufuza onse amene wophunzira adzakumane nawo pamoyo wake, awa ndiwo saphonya kanthu, ndipo ndi bwino kupempha mayi kuti amuuzeko zomwe zapezeka.

Kudimba kuli phunziro lalifupi. Max Ringelmann, katswiri wa zaulimi wa ku France, anafalitsa mu 1913 zoti anthu akamakoka chingwe pagulu aliyense amabisako mphamvu. Mayi anathana nalo kalekale vutoli pogawa ndime, aliyense yake, ndipo ya wophunzira imadziwika patali.

Kumsika ndiko kusukulu yaukachenjede yeniyeni, ndipo sabata imodzi yothandiza kugulitsa pa Bembeke, pa Chimbiya kapena pa Lizulu isaphonyedwe. Mayi wogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu wa M1 sanamvepo za Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, amene analemba mu 1974 kuti nambala yoyamba kumveka imakokera kwa iyo maganizo onse otsatira, koma mtengo woyamba amautchula atayang'ana kaye nsapato za wogula ndi kukula kwa galimoto. Wogula akanenerera n'kutsitsa pang'ono amachoka akudzitama, wogulitsanso akumwetulira. Jean Piaget anapeza kuti mwana wosafika zaka 7 amakhulupirira kuti madzi achuluka akathiridwa m'tambula yaitali yowonda. Piaget ankati munthu akakula amasiya. Ndowa ya mbatata yosanjidwa mosongoka, zikuluzikulu zili pamwamba, imaonetsa kuti ena safika posiya ngakhale ali ndi madigiri awiri. Pamapeto pamabwera mbatata ziwiri zoonjezera zaulere, zoponyedwa m'jumbo ndi mawu oti "Mudzabwerenso, bwana," ndipo bwanayo amabweradi.

Mayeso a Walter Mischel a ku Stanford, opatsa mwana switi imodzi n'kumuuza kuti akadikira alandira ziwiri, angayesedwe ndi chitumbuwa. Mwana wa kumudzi amadikira ndithu, manja ali kumbuyo, poti wamkulu wanena. Chitumbuwacho chimadyedwa ndi mkulu wake wongodutsa, ndipo ulendo wachiwiri mwanayo amakhala ataphunzira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mapiri a Chongoni ali ndi malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, amene UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zimatchulidwa kuti n'za Akafula, alenje amene analipo kale, ndipo zoyera n'za Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi Nyau. Wophunzira akaziona amakumbukira Hermann Rorschach, amene mu 1921 anatulutsa zithunzi 10 za madontho a inki zoti munthu azinena chomwe akuonapo. Kukwera ku Chentcherere kapena ku Mphunzi n'kwabwino, kumalimbitsa miyendo. Kutenga atsibweni n'kukawaimika pamwala kuti "Mukuonapo chiyani apa?" ndiko kulakwa, poti funso limabwezedwa ndi funso: "Unagula njira iwe?" Ngati sanagule, kafukufuku wathera pomwepo.

Chimodzimodzi ndi Carl Jung, amene anatenga mawu a Chilatini oti persona, chophimba kumaso cha ochita zisudzo, kuti afotokozere nkhope imene munthu amaonetsa pagulu. Ofuna kulumikiza zimenezi ndi Gule Wamkulu atsike Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, akafike ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yosungira zakale ya Chamare ili ndi nkhope za Gule mazanamazana. Kumeneko afunse mmene angathere. Koma pabwalo la mudzi, ng'oma zikulira, fumbi lili koboo, chilombo ndi chilombo ndipo chachokera kumanda. Wonena zina mokweza amasamukira nthawi yomweyo ku chiphunzitso cha Walter Cannon cha 1915, choti thupi likaopsezedwa limakonzekera kumenya kapena kuthawa. Pa ziwirizi asankhe kuthawa, ndipo adziwiretu kuti nsapato zosongoka za kutauni sizigwira m'mizere ya mbatata. Mlandu umatsala ndi atsibweni, zomwe zimabwezera nkhani kwa Malinowski.

Uphungu ndi gawo limene wophunzira amalakalaka kuyesa. Carl Rogers ankaphunzitsa kuti phungu asaweruze, amvetsere, n'kumabweza kwa wodandaulayo zomwe wanena. Poyesera pa azakhali zimayenda chonchi. Iwo amati, "Amuna angawa andisowetsa mtendere, ndalama zonse za nyemba athera mowa." Wophunzira amapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Ndikumva kuti mukuona ngati akusowetsani mtendere, azakhali." Iwo amamuyang'ana kuyambira kumapazi n'kufunsa kuti, "Ndangonena zomwezo. Wagontha?" Nkhani ngati imeneyi ili ndi eni ake, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo chomwe wophunzira angachite ndi kuwayalira mphasa, kuwabweretsera thobwa n'kukhala kumphepete, makutu ali tcheru. Adzaona anthu osadziwa dzina la Rogers akusiya munthu kuti alankhule mpaka mkwiyo utaphwa, osamudula, kenaka n'kufunsa funso limodzi lokha.

Maliro akagwa asathawire kuchulu. Elisabeth Kübler-Ross analemba mu 1969 za magawo asanu amene munthu amadutsamo imfa ikayandikira, koma m'siwa mumaoneka chimene mndandanda wa magawowo suonetsa: amayi ogona pansi ndi namfedwa usiku ndi usiku, abambo ochezera pamoto panja m'chisanu, ndi adzukulu amene amaseketsa anthu pomwe wina aliyense sangayerekeze. Malo a wophunzira m'kalasi imeneyi ndi kokatola nkhuni. Ku Harare dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa zipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiye kuti kuganiza kwambiri, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imathandizadi. Kuno kwathu Chiwoza Bandawe walemba za saikoloje yozikidwa pa umunthu. Wophunzira akatchula maina awiriwa kwa agogo ake adzafunsidwa ngati agogo a ku Harare amalandirako kenakake, ndipo akonzeke kuyankha.

Buku la DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013 n'kundandalika matenda a maganizo, lisatsegulidwe pagulu. Wophunzira wa chaka chachiwiri akaliwerenga masiku atatu amapeza matenda awiri mwa atsibweni, atatu mwa azakhali, otsalawo mwa iye mwini. Komabe pali pena pomwe nthabwala zimathera. Munthu amene wasiya kudya ndi kugona, akumva mawu opanda mwini, akugwa khunyu kapena wayamba kulankhula zodzipha, safuna mafunso a pepala kapena kupendeketsa mutu. Apite naye kuchipatala cha boma pa Dedza, kumene angathandizidwe kapena kutumizidwa patsogolo, ndipo ntchito ya wophunzira pamenepo ndi kuperekeza, kulipira kabaza ndi kusunga pakamwa akabwerako.

Tsiku lobwerera ku Zomba katundu awerengedwe bwino. Pamakhala zolemba zomwe zapulumuka kwa atsibweni, mapepala a mafunso amene onse ayankhidwa kuti "choncho", ndi mndandanda wa maina a anthu amene adzafuna kumva pa Khirisimasi kuti feteleza uja wafika pati. Pamakhalanso nyemba za m'kajumbo, ndalama yomangidwa pansonga ya chitenje imene agogo amaimasula atatembenuka kuti ena asaone, ndi thumba la mbatata ya kachewere losokedwa pakamwa ndi luzi. Thumbalo limalipira mpando wakewake m'minibasi, ndipo mtengo woyamba amatchula ndi kondakitala, atayang'ana kaye nsapato.